Lamulo Limene Ndinkalithawa

Abale ndi alongo anga mwa Khristu, nonse amene mawu awa akufikeni, mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Dzina langa ndine Filimoni Phiri. Ndakalamba tsopano, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo ndaona kuti si bwino kupita kumanda nkhani iyi ndisanaiyale poyera. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinaduka mwendo, ntchito n'kutha, banja n'kumwazika, ine n'kusanduka munthu wodikira ufa wa boma, ndiponso m'mene Mulungu ananditolera pamene ndinali nditadzitaya kale.

Izi zinachitika m'zaka za Chitaganya, dziko lino likadali m'manja mwa azungu. Lilongwe anali kamzinda kakang'ono. Tsidya lina la mtsinje kunali maofesi a boma ndi nyumba za azungu, kumene lero mukuti Area 3. Tsidya lino kunali msika, mzikiti ndi masitolo a amwenye. Kumene kuli City Centre uku kunali minda ndi tchire lokhalokha, anthu ankakumbako mbewa.

Ine ndinkagwira ntchito pa lole ya mzungu wina wogula fodya. Yanga inali yokweza mabelo, kumanga zingwe ndi kutsitsa tikafika. Mphamvu ndinali nazo zambiri, moti belo limene anzanga ankaligwira awiri ine ndinkalisenza ndekha. Ndinakwatira Nabanda, mkazi wa mudzi wina cha ku Nathenje, ndipo ndinali mkamwini kwawoko. Mulungu anatipatsa ana awiri, Rute ndi mlongo wake Yosefe, amene pa nthawiyo anali akadali wakumsana.

Tsiku lina tikutsika chitunda ndi katundu wodzaza, mabuleki anakana. Lole inathamanga yokha, inapendekeka, n'kugwera m'chigwembe. Ine ndinali pamwamba pa mabelo. Za pamenepo sindikumbuka kanthu. Ndinatsitsimuka ndili m'chipatala, ndikumva chala cha kuphazi chikundiyabwa. Nditatambasula dzanja kuti ndikande, ndinangogwira bulangete. Mwendo wakumanja anali ataudula pamwamba pa bondo. Mwini lole sanabwere. Anangotuma kapitawo kudzandiuza kuti pa lole palibe malo a munthu wa mwendo umodzi.

Nditatuluka m'chipatala ndinabwerera kumudzi kwa mkazi wanga ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Inu akuno mukudziwa kuti mkamwini amamulemekeza chifukwa cha ntchito ya kumunda. Ndinayesa kulima chokhala pansi, ndikudzikhwekhwereza pa mzere, koma dzuwa linkafika pamutu ndisanamalize ngakhale kachigawo kamene mwana angamalize. Malume ake a Nabanda, amene anali mwini mbumba, sanali munthu woipa mtima, koma chaka chimenecho nkhokwe zinali zopepuka. Mawu anayamba kumveka pa mowa, kenako pachitsime, akuti mudzi ukudyetsa munthu wamkulu ngati khanda. Ndinauza Nabanda kuti ndikupita kutauni. Iye anangomanga mitolo, n'kubereka Yosefe, n'kunena kuti kumene ndikafere iyenso akafera komweko.

Tinamanga kakhumbi kuseri kwa msika, njira yopita ku Mchesi. Nabanda ankatunga madzi ndi kuchapa m'nyumba za amwenye, ganyu akapezeka. Mkulu wina wa mpingo anandimvera chisoni n'kundiperekeza ku boma. Kumeneko anandiyang'ana mwendo, anandichotsa pa msonkho, ndipo anati mwezi uliwonse ndizibwera kudzalandira ufa wa mgaiwa, nyemba ndi mchere, pamodzi ndi anthu ena ovutika.

Thandizo limenelo linatisunga, sindingakane. Koma abale anga, tsiku lolandira linkandipweteka kuposa chilonda. Ndinkawoloka mlatho ndi ndodo zanga, m'khwapa mutanyuka, n'kukakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi akhungu, akhate ndi nkhalamba zopanda abale. Ndinali mnyamata wa mapewa aakulu pakati pawo, ndipo anthu odutsa ankandiyang'ana kawiri. Ufawo sunkafika kumapeto kwa mwezi. Ukatha, Lachisanu ndinkakhala pakhonde la masitolo kudikira amwenye atuluke mu mzikiti kuti atigawire kangachepe. Tsiku lina mnzanga amene tinkakweza naye mabelo anandipeza nditatambasula dzanja. Anayang'ana kumbali ngati sanandione, ndipo ine ndinathokoza mumtima kuti watero.

Tinakhala choncho mpaka chaka chinatembenuka. Ndiye tsiku lina tili pansi pa mtengo uja, mesenjala wa boma anaima pakhonde n'kukuwa kuti kwabwera lamulo latsopano. Anati aliyense wolandira thandizo amene manja ake ndi abwino abwere Lolemba, chifukwa boma likufuna kuti anthu otere azigwira ntchito. Anangonena zomwezo n'kulowa.

Muyenera kumvetsa m'mene mitima yathu inalili masiku amenewo. Lamulo lililonse lochokera ku boma tinkaliona ngati msampha. Anthu ankamangidwa chifukwa chosakumba migula yoteteza nthaka m'munda, ena chifukwa cha msonkho, ndipo dzina la Chitaganya lokhalo linkatiwawa m'makutu. Tisanawoloke n'komwe mlatho, mphekesera zinali zitayamba. Ena ankati adzatikweza malole kupita kumafamu a ku Halale kukasankha fodya, osadzabwereranso. Ena ankati boma latopa nafe, likufuna potitayira. Ine ndinaganiza za Nabanda ndi ana atatsala okha m'kakhumbi kaja, ndipo Lolemba limenelo sindinapite. Mwezi wotsatira sindinapitenso, poopa kuti akandigwira pomwepo. Ufa unathera pamenepo.

Inali nthawi ya dzinja, chimanga chisanache, pamene njala imaluma ngakhale anthu a miyendo iwiri. Ganyu anasowa chifukwa ofuna ganyu anachuluka. Nabanda ankabwera ndi gaga wopempha kuchigayo, tsiku lina masamba a maungu okhaokha. Mkaka unauma m'mawere mwake. Yosefe anayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi lake linasanduka lofiira ndi lonyololoka, ndipo anasiya kulira. Ankangotiyang'ana. Palibe chinthu chimene chinandiswa mtima ngati kuyang'ana kwa mwana ameneyo.

Mbiri inafika kumudzi, ndipo m'mawa wina malume aja anatulukira. Anakhala pa mwala pakhomo, anamuyang'ana Yosefe nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"A Phiri, sindinabwere kudzakangana nanu. Koma awa ndi ana a mbumba yanga. Kumudzi kulibe zambiri, komabe chinangwa chilipo. Ndabwera kudzawatenga pamodzi ndi mayi wawo."

Nabanda anakana, analira, anagwira mzati wa kakhumbi. Ndine amene ndinamuuza kuti apite. Malumewo ankanena zoona. Rute anagwira ndodo yanga n'kumandikoka kuti tizipita limodzi, mpaka amayi ake anachita kumumasula zala. Ndinawayang'ana akulowa m'njira ya kumsika mpaka anthu anawaphimba.

Masiku otsatirawo sindingathe kuwalongosola bwino. Kutchalitchi ndinasiya. Kupemphera ndinasiya. Ndinkagona pamphasa kuyang'ana udzu wa denga, mvula ikudontha pambali panga, osasuntha. Ndinkadzifunsa kuti munthu amene sangalime, sangasenze, sangadyetse mwana wake, akukhaliranji pa dziko. Yankho silinkabwera, ndipo pang'onopang'ono ndinayamba kukhulupirira kuti yankholo kulibe.

Tsiku lina masana ndinadzikoka mpaka pa mlatho. Mtsinje wa Lilongwe unali utadzaza, madzi ofiira akukokolola mitengo ndi mapesi. Anthu ankadutsa ndi mitolo yawo, wina osandilabadira. Ndinatsamira pa chitsulo cha m'mbali, n'kugoneka ndodo zanga pansi. Sindibisa, ndinapita pamenepo kuti ndikathe. Koma ndisanachite kanthu, pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonzekere. Ndinati, "Ambuye, ine ndatopa. Ngati mukundiona, ndionetseni lero, chifukwa mawa kulibe." Silinali pemphero laulemu. Linali kulira kwa munthu womira.

Ndikadali chiimire, ndinamva belu la njinga kumbuyo kwanga. Anatsika bambo wina wochepa thupi, wovala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'maondo, thukuta lili chuchuchu.

"Pepani, kodi ndinu a Filimoni Phiri, amene munkagwira ntchito pa lole ya fodya?"

Nditaona khakiyo ndinadziwa kuti ndi wa boma. Ndinati, "Ndine, bwana. Ndimangeni, kothawira ndilibe."

Anayang'ana ndodo zili pansi, anayang'ana madzi, kenako anawerama n'kutola ndodozo n'kundipatsa m'manja. Anati dzina lawo ndi a Jere, ndipo amagwira ntchito mu ofesi yoona za anthu ovutika. Anati akhala akundifunafuna kumsika konse, ndipo mayi wina wogulitsa makala ndi amene wawauza kuti wandiona ndikulowera kumlatho. Ananditsogolera pa mthunzi, anatulutsa mbatata yootcha imene anasungira nkhomaliro yawo, n'kundipatsa yonse. Anadikira ndimalize kudya asanayambe kulankhula.

Pamenepo ndi pamene ndinamva lamulo lija lonse, pakuti mesenjala anangonena mutu wake. Panalibe za malole kapena za ku Halale. Lamulolo linkati munthu wolandira thandizo amene angathe kugwira ntchito ina iliyonse, ofesi imufunire womulemba kapena mmisiri womuphunzitsa. Pamene akuphunzira, ufa wake usadulidwe. Ngati ntchitoyo ikufuna zipangizo, ofesi imubwereke. Thandizo lidzaleke pokhapokha munthuyo ataima payekha. Ndinawafunsa kuti nanga munthu ngati ine angandilembe ndani. Iwo anati, "Sindikudziwa, a Phiri. Koma kufunafunako ndi ntchito yanga, ndipo tiyamba mawa."

Musaganize kuti zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Ufa unabwerera, koma ntchito inavuta. A Jere ankandikweza pa keliyala ya njinga yawo, ndodo nditazipingasa pamiyendo, n'kumazungulira nane. Tinapita kunyumba za azungu tsidya lija kukafunsa ya kukhitchini kapena yosita. Kwina agalu anatibweza tisanafike pakhonde. Kwina dona analankhula nafe pawindo, osatsegula chitseko, n'kunena kuti alendo ake sangakondwe kuona munthu wotere. Tinapita kugalaja, anati pamafunika kugwada ndi kukwawa pansi pa galimoto. Tinapita kophika buledi, anati malo adzaza. Madzulo aliwonse ndinkabwerera m'kakhumbi kopanda munthu, mtima utatsikanso pansi. Ndinamva kuti ngakhale akuluakulu awo a Jere anawadzudzula kuti akutaya nthawi ndi munthu mmodzi. Ndinawauza kuti andisiye. Anangoseka pang'ono n'kunena kuti m'mawa ndiwadikire pamalo pomwe paja.

Potsiriza tinalowa m'sitolo ya mmwenye wina wachikulire, bwana Kasamu, amene ankagulitsa makasu, malata ndi ndowa. Atandiona anapukusa mutu. Anati amandidziwa, ndine mmodzi wa opempha a Lachisanu, ndipo sakuona chimene ndingachite m'sitolo mwake. Manyazi anandigwira moti ndinafuna kutuluka. Koma kuseri kwa sitoloyo kunkamveka kukhoma, ndipo a Jere anapempha kuti tikaoneko. Tinapeza bambo wina wa ndevu zoyera, Che Bwanali, atakhala pa chitsa pakati pa zidutswa za malata, akupinda mkombero wa ndowa. Anamvetsera a Jere akufotokoza, osasiya kukhoma. Kenako anaika nyundo pansi, anandigwira mkono, anaufinya kuyambira paphewa mpaka m'zala.

"Ntchito ino timagwira chokhala," anatero. "Mwendo sitikhomera. Abwere mawa."

Bwana Kasamu atamva kuti chakudya ndi zipangizo zichokera ku ofesi, anavomera kuti ndiphunzire kuseri kwakeko. A Jere anandibweretsera nyundo, sizasi yodulira malata ndi chitsulo chomatira mtovu.

Manja amene anazolowera mabelo sankadziwa kugwira zinthu mofatsa. Malata anandicheka zala zonse, mtovu wotentha unandiwotcha pantchafu, ndipo ndinawononga zidutswa zambiri. Che Bwanali sankanyengerera. Ndikamaliza ndowa ankaithira madzi n'kuipachika pa msomali, tonse n'kumayang'ana pansi pake. Dontho likangooneka, ankaitsitsa n'kundibwezera. Komabe kwa nthawi yoyamba chidukireni mwendo, ndinkadzuka m'mawa ndili ndi kopita.

Ndili pakati pa maphunziro amenewo, kunabwera munthu wa kumudzi kwa Nabanda amene anadzagulitsa mtedza. Anandipeza ndikudula lata. Anakhala pansi, anavula chipewa, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa. Yosefe anali atamwalira, ndipo anali ataikidwa kale.

Abale anga, apa ndi pamene chikhulupiriro changa chinagwedezeka kuposa pa mlatho paja. Ndinabwerera m'kakhumbi n'kutseka chitseko. Ndinamufunsa Mulungu kuti ngati anali ndi njira yondipulumutsira, analekeranji kuitumiza mwana akadali moyo. Ndinamuuza kuti wandipatsa nyundo n'kundilanda mwana, ndipo sindinapemphe kusinthana kotero. A Jere anabwera n'kukhala pakhomo nthawi yaitali. Sanayese kundifotokozera maganizo a Mulungu. Pochoka anangoti, "Rute alipo, a Phiri. Amayi akenso alipo." Tsiku lotsatira kunabwera Che Bwanali, Msilamu, atanyamula mpunga m'kambale. Anandiuza kuti iyenso anaika ana awiri kwawo ku Mangochi, ndipo pa chitsa changa cha kuntchito palibe amene wakhalapo. Ndinalira pamaso pa bambo ameneyo ngati mwana. M'mawa mwake ndinatenga ndodo zanga n'kubwerera kuntchito.

Funso lija mpaka lero sindinalandire yankho lake, ndipo sindikunamizani kuti ndinalandira. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'masiku amenewo Mulungu sanandisiye ndekha m'nyumba.

Nthawi yofesa nazale za fodya itayandikira, alimi anayamba kufuna makheni othirira, ndipo Che Bwanali sakanatha yekha. Kheni ndi yovuta kuposa ndowa, chifukwa ili ndi mlomo wautali ndi chisa chobowolabowola, ndipo polumikiza paliponse pangathe kudontha. Ndinapanga yanga yoyamba mtima uli m'mwamba. Anaithira madzi, anaipachika, tinadikira. Pansi panakhala pouma. Anaitsitsa, anaitembenuza uku ndi uku, n'kupita nayo yekha m'sitolo. Madzulo amenewo bwana Kasamu anabwera kuseri n'kundiuza kuti kuyambira tsopano ndine wantchito wake, ndizilandira malipiro monga mmisiri. Munthu yemwe uja amene ankandiponyera kangachepe Lachisanu anandigwira chanza.

Patapita miyezi ingapo ndinawoloka mlatho kupita ku ofesi. Sindinakhale pansi pa mtengo. Ndinalowa kwa a Jere n'kuwauza kuti ufa wanga aupereke kwa wina. Anaimirira, anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti maso awo alengeza misozi.

Kenako ndinakwera basi ya ku Nathenje nditanyamula ndowa, kheni ndi koloboyi, zonse zopanga ndekha. Nabanda anandiona ndikadali patali. Anali ataonda kwambiri. Sanathamange, anangokhala pansi pomwe analipo n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Rute ndi amene anandithamangira. Tisanalankhule za china chilichonse, Nabanda ananditengera kumanda, n'kundionetsa kamtumbira kakang'ono m'mphepete mwa msitu. Tinagwada pamenepo awiri, ine ndi bondo langa limodzi, ndipo tinapemphera pamodzi koyamba chisiyanireni.

Madzulo tinakhala pansi ndi malume aja. Ndinaika katundu uja patsogolo pawo n'kupempha kuti andibwezere banja langa. Anatenga kheni, anaiyang'ana polumikiza ponse, n'kufunsa ngati ndapangadi ine. Nditavomera anati, "A Phiri, njala ndi imene inatilekanitsa, osati chidani. Tengani banja lanu." M'mawa mwake anatiperekeza okha mpaka pamsewu, atasenza mtolo wa Nabanda.

Ndinagwira ntchito kwa bwana Kasamu zaka zambiri, kenako ndinakhala ndi shedi yangayanga mumsika. Ofesi ija inanditumizirako anthu ena kuti ndiwaphunzitse, wina wopuwala miyendo yonse, wina wosamva, ndipo palibe amene ndinamubweza. Mulungu anatipatsa ana ena atatu. Pamene likulu linkamangidwa, ndinakhoma mipopi ya madzi a mvula pa nyumba zambiri za ku Area 12, ana anga akukwera pamakwerero, ine ndikudula ndi kupinda pansi. A Jere anawasamutsira kuboma lina dziko lisanalandire ufulu, ndipo sindinawaonenso. Nabanda anatsogola zaka zapitazo, atakalamba, ali m'nyumba yake ya malata, zidzukulu zitamuzungulira.

Sindikuyamikira Chitaganya. Inali nthawi yowawa, ndipo tinasangalala itatha. Koma ndaona ndi maso anga kuti Mulungu angathe kutenga lamulo lolembedwa ndi anthu amene sakukudziwa, n'kuliika m'manja mwa munthu mmodzi wa mtima, kuti likhale chipulumutso chako. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a Jere, chifukwa cha Che Bwanali, chifukwa cha bwana Kasamu, ndiponso chifukwa cha mkazi amene sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi.

Inu amene lero mukudya za thandizo, musachite manyazi, pakuti njala si tchimo. Koma musalole kuti mtima wanu ukuuzeni kuti basi mwathera pomwepo. Mukamva kuti kwabwera njira yothandiza anthu kupeza ntchito, pitani mukafunse nokha mpaka mumve zonse. Akakukanani khomo loyamba ndi lachiwiri, lirani ngati mukufuna kulira, koma m'mawa mudzuke. Inu amene muli m'maofesi, dziwani kuti munthu amene wasiya kubwera mwina sikuti ndi waulesi, mwina ndi mantha, mwina wagona m'nyumba akudikira imfa. Mutsateni.

Ndipo iwe m'bale wanga amene wafika poti sungathenso kupemphera mwaulemu, pemphera m'mene ungathere. Muuze Mulungu kuti watopa, muuze kuti wakwiya, sadzakuthamangitsa. Ingokhala ndi moyo lero. Za mawa musiyire Iye, pakuti ali kale pa njira. Ambuye akusungeni nonse. Amen.